Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zamaphunziro: Mphunzitsi Asachotsedwe Pasukulu ndi Phokoso la Khamu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, kudzera kwa Mlembi Wamkulu mu Undunawu ku Capital Hill, Lilongwe. Ndiponso kwa akuluakulu a Teaching Service Commission, a Teachers Council of Malawi ndi a bungwe la aphunzitsi la TUM.

Olemekezeka,

Ndikupereka moni mwaulemu wonse, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha katundu wolemera amene mwasenza woyang'anira maphunziro a ana a dziko lino. Ine ndine mayi wopuma pantchito ya uphunzitsi. Ndinayamba kugwira choko m'zaka za m'ma 1980, ndipo zaka zanga zomalizira ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale ya kumudzi m'chigawo chapakati. Sinditchula dzina la sukuluyo, la boma limene ili, ngakhale la munthu aliyense wa kumeneko, popeza amene nkhaniyi ikuwakhudza ali moyo ndipo ena akadali pantchito. Kalatayi ndaiika poyera m'malo moisiya pa desiki ya ofesi yanu chifukwa ndikufuna kuti makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso aphunzitsi anzanga aimve limodzi nanu, pakuti onsewa ali ndi mbali pa nkhani imene ndikuitula pamaso panu.

Chanditulutsa m'nyumba ndi foni imene ndinalandira teremu yathayi kuchokera kwa mphunzitsi wachinyamata amene ndinamuphunzitsa kuwerenga ali mwana. Anandiuza kuti pasukulu pamene akugwira ntchito, mphunzitsi mnzake wauzidwa pakamwa kuti ayambe wapita kwawo "mpaka zinthu zizizire," patangodutsa masiku awiri chithunzi chake chitazungulira m'magulu a WhatsApp a m'deralo ndi funso lakuti kodi ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi. Sanapatsidwe kalata, sanauzidwe mlandu woti ayankhe, ndipo palibe mwana kapena kholo limene linadandaulapo za kaphunzitsidwe kake kapena za khalidwe lake pa ana. Usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa zimene ndinamvazo ndinazichitapo ine ndemwe zaka zingapo zapitazo, ndi dzanja langali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndikulankhula za anthu amene masiku ano amatchedwa transgender: munthu wobadwa ndi thupi la mkazi koma amene kuyambira ubwana wake amadzidziwa kuti ndi mwamuna, kapena wobadwa ndi thupi la mwamuna koma wodzidziwa kuti ndi mkazi, ndipo amavala, kuyenda ndi kufuna kuitanidwa mogwirizana ndi mmene amadzidziwiramo. Pa Chichewa tilibe liwu limodzi laulemu lowatchulira, ndipo mayina amene amamveka pamjigo ndi pamsika ndi achipongwe moti sindingawalembe m'kalata yopita kwa inu. Anthu oterewa alipo m'midzi ndi m'matauni athu. Ena anakhoza MSCE, nadutsa m'makoleji a aphunzitsi pa ndalama za boma, ndipo lero akulemba pabolodi mwakachetechete, mtima uli m'mwamba, podikira tsiku limene wina adzawaloze chala.

Ndiloleni ndiyambe ndi mlandu wanga. Chaka china pasukulu pathu panatumizidwa mphunzitsi watsopano wochokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC). Kalata yomutumiza kwathu inali ndi dzina la chikazi, koma amene anatsika pa njinga ya kabaza ndi chikwama ndi matiresi opinda anali atavala thalauza, malaya a kolala ndi tayi, tsitsi atameta, ndipo mayendedwe ake onse anali a mnyamata. Titakhala pansi mu ofesi anandiuza mosapsatira, mawu ali pansi, kuti iye amadzidziwa ngati mwamuna kuyambira ali mwana, kuti masatifiketi ake akunena zina, ndipo kuti chimene akupempha kwa ine ndi kalasi basi. Ndinamupatsa masamu ndi sayansi mu Sitandade 7, kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi, imene aphunzitsi ena ankaizemba.

Ana sanavutike naye ngakhale tsiku limodzi. Chilankhulo chathu chinatikomera mtima pa nkhani imeneyi, pakuti liwu loti "aphunzitsi" silisankha bambo kapena mayi, ndipo mwana akati "abwera" kapena "andipatsa ntchito" sayamba wafufuza kuti wabwerayo anabadwa wotani. Kwa iwo anali Aphunzitsi a Masamu, amene ankabwera ndi nzimbe n'kuidula mfundo ndi mfundo pophunzitsa mafulakishoni, kenako n'kugawira zidutswazo ana amene akhoza. Pakona pa kalasi pake panali thumba la zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga m'mitolo ya makumi, zija timazitcha TALULAR. Masikimu ake ndinkawasayina osapeza polemba ndi cholembera chofiira, ndipo Loweruka ankathandiza ana a Sitandade 8 popanda kupempha ngakhale tambala.

M'teremu yachiwiri mayi wina wochokera kwawo kwa mphunzitsiyu anabwera kudzacheza kwa abale ake m'mudzimo, namuzindikira, nanena pamjigo dzina limene ankamudziwa nalo ali mwana. Nkhani inayenda ngati moto wolusa m'tchire la mwezi wa Okutobala. Lamulungu inali itafika m'mipingo, usiku wake miyala inagwa pa malata a nyumba yake, ndipo Lolemba m'mawa ndinapeza khamu la anthu pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa ofesi, wapampando wa komiti ya sukulu ali pakati pawo pamodzi ndi nthumwi ya agulupu. Ena ankati ndi wausatana, ena ankati atilodzera ana, ena ankangoti sitikumufuna. Ndinaimbira foni ku ofesi yotiyang'anira, ndipo yankho linali lakuti palibe chimene chinalembedwa pa nkhani yotereyi, ndione ndekha mmene ndingachitire kuti pasakhale chipolowe. Tinakambirana mpaka dzuwa kufika paliwombo, mwini wake osamuitana. Iye anali m'kalasi mwake akuchonga makope. Madzulo ndinalemba kalata yopempha kuti asamutsidwe, ndipo pa chifukwa ndinalembapo kuti sakugwirizana ndi anthu a m'deralo, podziwa bwino lomwe kuti ndi anthu a m'deralo amene sankagwirizana naye.

Potsanzika anandipatsa rejisitala, masikimu ndi kachitini ka choko chotsala, kenako anati, "Amayi, mungondiuzako chimene ndawalakwira ana." Ndinasowa chonena. Ananyamuka mbandakucha kuti asakumane ndi anthu panjira, ndipo patapita nthawi ndinamva kuti uphunzitsi anausiya ndipo akugulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama za pafoni pansi pa ambulera m'tauni ina. Sitandade 7 inakhala materemu awiri popanda mphunzitsi wa masamu.

Dandaulo langa loyamba, Olemekezeka, ndi kukhala chete kwa Unduna wanu. Mphunzitsi wamkulu ali ndi malangizo olembedwa pa nkhani ya kujomba, kuledzera pantchito, kumenya ana, kasungidwe ka ndalama za sukulu ndi zina zambiri, koma pa tsiku limene khamu lazungulira ofesi likufuna kuti mphunzitsi achoke chifukwa cha maonekedwe ake, alibe pepala ngakhale limodzi loti alikweze m'mwamba n'kunena kuti boma likuti chakuti. Pamene palibe lamulo lomveka, amene wakuwa kwambiri ndiye amalamula. Komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) zili ndi ntchito yaikulu imene ndimailemekeza, youmba njerwa, kuyang'anira chitukuko ndi kuonetsetsa kuti ana akubwera kusukulu, koma mphamvu yolemba ntchito ndi kulanga aphunzitsi a boma ili m'manja mwa mabungwe a boma amene anapatsidwa udindo umenewo. Mphamvu imeneyo ikatsetsereka n'kugwera pansi pa mtengo wa mango, ndiye kuti palibe mphunzitsi amene ali wotetezeka, chifukwa khamu lomwelo mawa lidzathamangitsa wina pomuganizira ufiti, wina chifukwa cha chipani, wina chifukwa cha mtundu wake, monga tinaonera mu 1989 pamene aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo ndipo sukulu zambiri za pakati ndi kummwera zinatsala pamtetete.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti zimene ndinachita ine, ndi zimene zachitika teremu yathayi, n'zosemphana ndi malamulo amene dziko lino lili nawo kale. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo cha ofesi ya boma chomukhudza chitsate malamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Gawo 31 limanena za chilungamo pantchito, gawo 19 limateteza ulemu wa umunthu, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu uliwonse. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, m'gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika za pantchitopo, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ena adzati kusamutsa kapena kuuza munthu kuti akapume si kuchotsa ntchito. Ine amene ndinalemba kalata yoteroyo ndikudziwa kuti cholinga chake chinali chimodzimodzi, kungoti tinachiveka chitenje.

Ndikudziwanso yankho limene ambiri ali nalo pakamwa, lakuti malamulo athu amaletsa zimenezi. N'zoona kuti magawo 153, 154 ndi 156 a lamulo la milandu la Penal Code amaletsa machitidwe ena ogonana, ndipo pa 28 Juni 2024 bwalo lounikira Malamulo Aakulu ku Blantyre linakana kuwathetsa pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani. Kalata ino sikutsutsa chigamulo chimenecho. Koma magawo amenewo amalanga mchitidwe umene watsimikizidwa ndi umboni pamaso pa woweruza. Salanga thalauza, salanga mawu okhuthala kapena opyapyala, ndipo salanga dzina limene munthu akufuna kuitanidwa nalo. Lamulo la maukwati la 2015 limati pa nkhani ya ukwati munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira, koma limenelo ndi la maukwati, ndipo mphunzitsi akamapempha kalasi sakhala akufunsira mbeta. Pasukulu pathu palibe amene anabweretsa umboni wa mchitidwe uliwonse. Tinaweruza tayi ndi kametedwe.

Kusokoneza zinthu ziwirizi kunayamba kale. Mu Disembala 2009 Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre, mu Meyi 2010 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira pa nthawi imene Ban Ki-moon, yemwe anali Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, anabwera m'dziko muno. Dziko lonse linkati ndi amuna awiri, pamene Tiwonge, amene anthu ankamutcha Aunt Tiwo, ankanena yekha kuti ndi mkazi, ndipo pambuyo pake anathawira ku South Africa. Kuchokera nthawi imeneyo tinazolowera kuthira zonse m'dengu limodzi n'kulembapo "mathanyula," moti munthu wongovala mosiyana ndi mmene timayembekezera amaonedwa ngati wapalamula kale.

Dandaulo lachitatu ndi limene limandiwawa kwambiri ngati mayi. Khamu lija linkati likuteteza ana, ndipo sindikukayika kuti makolo ambiri amene anali pamenepo anali ndi mantha enieni. Koma m'zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ndaona ndi maso anga ana aakazi a Sitandade 6 ndi 7 akusiya sukulu ndi mimba za aphunzitsi ovala bwino, okwatira, oimba kwaya, amene palibe anawakayikirapo kuti ndi amuna kapena akazi. Ndaona milandu yoteroyo ikuthera kuseri kwa nyumba ndi mbuzi kapena ndalama zochepa, ndipo mphunzitsiyo n'kusamutsidwira kusukulu ina kumene kuli ana ena aakazi. Pa milandu imeneyo sindinaonepo khamu pansi pa mtengo wa mango. Ngati tikufunadi kuteteza ana, muyeso ukhale umodzi kwa mphunzitsi aliyense: asatsekere mwana m'nyumba mwake, asamutume kukamuphikira kapena kumuchapira, asamugwire mosayenera, asamulembere mauthenga achikondi, ndipo wophwanya zimenezi achotsedwe m'kaundula wa aphunzitsi n'kukaonekera kukhoti, kaya amavala siketi kaya thalauza. Muyeso umenewo mphunzitsi wanga uja akanaukwanitsa popanda vuto, ndipo ena amene anatsala akanalephera.

Chachinayi ndichitchula mwachidule chifukwa inu mukuchidziwa kuposa ine. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 sitinakhalepo ndi aphunzitsi okwanira, ndipo mlingo wa boma wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi sukulu zambiri za kumudzi zimangoumva. Boma limaphunzitsa munthu zaka ziwiri ku TTC, munthuyo n'kuvomera kupita kumudzi kopanda magetsi kumene anzake amakana, ife n'kumuthamangitsa m'masiku atatu. Kuwonjezera pa masamu amene anataya, ana a Sitandade 7 aja anaphunzira phunziro lina limene silinali pa sikimu: anaona makolo awo akugenda nyumba ya mphunzitsi, naona mphunzitsi wamkulu akugonja. Ndipo m'kalasi ya ana 100 sipalephera kukhala mwana mmodzi amene amadzimva mosiyana ndi anzake, amene tsiku limenelo anadziwa chimene chikumudikira.

Dandaulo lachisanu ndi la kuulula ndi kufalitsa. Masiku anga nkhani inkayambira pamjigo. Lero imayambira pafoni, ndipo nthawi zina amene amajambula chiphaso kapena fayilo ya mnzake n'kuiponya pa WhatsApp ndi mphunzitsi mnzake kapena kalaliki wa mu ofesi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, koma pasukulu palibe amene amalikumbuka. Kumene zoterezi zingathere kunaoneka ku England pa nkhani ya Lucy Meadows, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale ya mpingo wa Anglican m'tauni ya Accrington. Kumapeto kwa 2012 sukuluyo inadziwitsa makolo kuti potsekulira teremu ya Januwale mphunzitsiyu adzabwera ngati mayi. Akuluakulu a sukulu anaima naye, koma nkhani itafika m'nyuzipepala atolankhani anayamba kumudikirira pakhomo, moti ankatulukira khomo la kuseri popita kuntchito. Mu Malichi 2013 anapezeka atadzipha ali ndi zaka 32, ndipo mkulu wofufuza za imfayo anadzudzula atolankhani poyera chifukwa cha mmene anamuchitira. Miyala ija itagwa pa malata pasukulu pathu, ine sindinapite n'komwe kukagogoda kuti ndione ngati mwini nyumba wadzuka bwino.

Sindikunama kuti pepala la boma lingasinthe mitima tsiku limodzi. Ku India bwalo lalikulu la milandu linagamula mu Epulo 2014 kuti anthu a transgender ali ndi ufulu wodziwika mmene amadzidziwira, ndipo mu Juni 2015 Dr. Manabi Bandopadhyay anakhala woyamba mwa anthu oterewa kutsogolera koleji, ya Krishnagar Women's College ku West Bengal. Pofika Disembala 2016 anali atalemba kalata yotula pansi udindo, ponena kuti ena mwa aphunzitsi ndi ophunzira akumuvutitsa ndipo sakugwira naye ntchito. Chigamulo cha khoti sichinaziziritse chipinda cha aphunzitsi. Komabe boma la chigawocho linakana kalata yakeyo ndipo iye anabwerera pampando wake, kusonyeza kuti pamene anthu akugwedezeka, chimene chimasunga mphunzitsi pantchito ndi kulimba mtima kwa womulemba ntchito.

Ndipo musandiuze kuti Unduna wanu sungathe kulowa m'nkhani zogawanitsa anthu, chifukwa munalowamo kale kangapo ine ndikuona. Zaka zanga zoyambirira ndinaphunzitsa lamulo la kavalidwe la 1973 likugwira ntchito, pamene mayi wovala thalauza ankatha kugwidwa ndi apolisi. Linathetsedwa mu 1993, ndipo lero aphunzitsi aakazi amaphunzitsa masewero atavala thalauza popanda wotembenuka. Chaka chomwecho cha 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu. Makolo ambiri anakana, amati adzaphunzitsa anzake zoipa, ndipo ine ndinakumanapo ndi msonkhano wotentha pa nkhani imeneyo pansi pa mtengo womwe uja wa mango. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku limenelo ndinali ndi chikalata cha Unduna m'manja. Ndinachiwerenga mokweza, agulupu anati ngati boma lanena ife ndife yani, ndipo mtsikanayo analemba mayeso a Sitandade 8. Mkangano wa hijab, chovala chakumutu cha atsikana a Chisilamu, utabuka ku Balaka mu 2019 mpaka sukulu kutsekedwa, atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anakhala pansi mothandizidwa ndi bungwe la azipembedzo la Public Affairs Committee (PAC), nasayinirana mgwirizano mu 2021. Pa nkhani ya ana a Chirasta ndi tsitsi lawo munadikira mpaka Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, litagamula mu Meyi 2023 kuti anawo alandiridwe m'sukulu za boma, ena atataya kale zaka zamaphunziro. Ndikupempha kuti pa nkhani ino musadikire khoti, ndipo koposa zonse musadikire maliro.

Kwa makolo, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo amene mukumvera kalatayi cham'mbali, ndine mmodzi wa inu. Ndimavala yunifomu ya amayi a mpingo Lachinayi lililonse, ndipo mwa anzanga alipo amene anayenda nawo pa zionetsero za Julayi 2023 zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Sindikupempha aliyense kuti asinthe chikhulupiriro chake kapena ulaliki wake, ndipo ine ndemwe pali zambiri za moyo wa mphunzitsi uja zimene zinkandidabwitsa. Chimene ndikukumbutsa ndi mwambo wathu womwe. Pabwalo la mfumu, ngakhale wogwidwa ndi nkhuku m'manja amapatsidwa mphasa, nkhoswe yake imaitanidwa, ndipo amafunsidwa kuti anene mbali yake mlandu usanagamulidwe. Kuweruza munthu ali m'kalasi akuchonga makope a ana athu si chikhalidwe cha Amalawi, ndipo sindikudziwa buku lopatulika limene limalola zimenezo.

Potero, Olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Unduna utumize chikalata cha malangizo ku maofesi onse a zamaphunziro a m'maboma, kwa alangizi a maphunziro a pulayimale (ma PEA) ndi kwa aphunzitsi aakulu, chonena momveka kuti mphunzitsi asachotsedwe, asabwezedwe kwawo ndipo asasamutsidwe mokakamiza chifukwa cha maonekedwe, mawu, kavalidwe kaulemu kapena mphekesera zokhudza thupi lake. Kuti amene ali ndi dandaulo alilembe n'kutchula chimene mphunzitsiyo wachita. Ndiponso kuti woimbidwa mlandu auzidwe molemba ndi kupatsidwa mpata woyankha. Chikalatacho chikhale m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao kuwonjezera pa Chingerezi, kuti mphunzitsi wamkulu athe kuchiwerenga mokweza pamsonkhano wa makolo.

2. Pakhale ndondomeko ya tsiku la chipolowe: mphunzitsi wamkulu aimbire yani, PEA afike pasukulu tsiku lomwelo, apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi alondere nyumba ya mphunzitsi, ndipo malipiro ake asaimitsidwe pamene nkhani ikufufuzidwa.

3. Ngati kusamuka ndiyo njira yokhayo yotetezera moyo, kuchitike mwini wake atavomera, asankhe nawo kopita, ndipo m'fayilo yake mulembedwe zoona, kuti wasamutsidwa pofuna kumuteteza. Mawu ngati amene ndinalemba ine amatsata munthu kusukulu iliyonse ngati chipsera.

4. Wogwira ntchito mu Unduna amene waulula kapena kufalitsa zikalata, zithunzi kapena mbiri ya thupi la mnzake alangidwe monga wolakwira malamulo a ntchito.

5. A Teachers Council of Malawi, amene lamulo la maphunziro la 2013 linawapatsa udindo wosunga kaundula wa aphunzitsi, akhwimitse muyeso umodzi wotetezera ana kwa mphunzitsi aliyense, ndipo mchitidwe wosamutsa aphunzitsi ogona ndi ana a sukulu m'malo mowachotsa utheretu. Makomiti a sukulu, PTA, amayi a mother group ndi mafumu aphunzitsidwe muyeso umenewu pamodzi ndi malire a mphamvu zawo, kuti kholo lokhala ndi nkhawa yeniyeni lidziwe khomo logogoda m'malo motola mwala.

6. Popeza sukulu zambiri za dziko lino eni ake ndi mipingo ndi mabungwe a Chisilamu, Unduna uitanitse zokambirana ndi eni sukuluwa, mothandizidwa ndi PAC ndi Malawi Human Rights Commission, monga zinachitikira pa nkhani ya hijab. Aphunzitsi okhudzidwa amvedwe pa zokambiranazo mwachinsinsi, mayina awo osatuluka, chifukwa mpaka pano takhala tikukambirana za iwo eni ake ali kunja. Nkhanga zinapangana kusanapse.

7. A TUM, amene mumalandira chopereka cha mphunzitsi mwezi ndi mwezi osamufunsa kuti anabadwa wotani, tumizani nthumwi yokaima naye tsiku limene khamu lamuzungulira.

8. Patsegulidwe njira yoti aphunzitsi amene anachoka mwa njira yotereyi adandaule popanda kuchititsidwa manyazi, ndipo amene sanapezeke ndi mlandu abwezeretsedwe pantchito. Mlandu suwola.

Za mphunzitsi amene wabwezedwa kwawo teremu yathayi, ndikupempha kuti sukulu zisanatsekulidwe apatsidwe chimodzi mwa ziwiri, kalasi yake kapena kalata yonena mlandu wake ndi tsiku loti adzayankhe. Ofesi yanu ikafuna kudziwa sukuluyo, ndidzaitchula pamaso pa munthu amene mudzamutume, mwini wake atavomera. Kalata imene ndinalemba ine ija ndinasunga kope lake, lili m'sutikesi pamodzi ndi mapepala anga a penshoni, ndipo ndine wokonzeka kulipereka ndi kuyankha mafunso onse amene a Teaching Service Commission angakhale nawo pa zimene ndinachita.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chigawo chapakati.